Uchi wa mlamu wanga unakhotera kumanja

Mlamu wanga sindimukonda, ndipo sindibisa. Ndi mwamuna wa achemwali anga, ndipo kwathu ku Kawale aliyense ankamutchula kuti "bambo a mapasa", ndi ulemu wake wonse. Ine muno ndizingoti iye. Ulemu ndinamupatsa tsiku limodzi lokha, womukwanira moyo wake wonse, ndipo tsiku limenelo ndifikako.

Geni yake inali ya uchi. Anali ndi kabenchi pafupi ndi msika, pomwe ankandandalika mabotolo kuyambira aang'ono mpaka aakulu. M'botolo lililonse munkakhala kachidutswa ka chisa ndi njuchi imodzi yakufa ikuyandama pamwamba, kuti ikhale mboni. Ankauza anthu kuti uchiwo amakautenga yekha kumpoto, m'nkhalango zomwe sizinaonepo feteleza. Munthu woti kumpoto kwake kunathera pa Kanengo! Mabotolowo ankagula kwa amayi otoleza zinthu ku Mgona, n'kukawatsukira kwawo ku Biwi. Pakamwa pokha anali napo. Akanatha kukugulitsa ambulera mwezi wa Okutobala iwe n'kumuthokoza.

Mayi anga amadwala shuga. Matendawa anawapeza nawo bambo anga atangomwalira, ndipo kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti za shuga mu tiyi aiwale. Anamvera. Ankamwa tiyi wawo wopanda kanthu atakwinya nkhope, akudandaula kuti ukalamba ndi chilango, koma ankamwa. Kenako tsiku lina mkamwini anatulukira ndi botolo. Anagwada kutali, kumapeto kwa khonde, nkhope atalozetsa kumbali monga achitira mkamwini wophunzitsidwa bwino.

"Amayi, uwu si shuga ayi," anatero. "Awa ndi mankhwala. Njuchi zimatenga m'maluwa a mitengo yomwe ija timakumba mizu yake. Muzithira mu tiyi mopanda mantha."

Kuyambira pamenepo tiyi wa mayi anayambanso kutsekemera, m'mawa ndi madzulo. Ndinawauza kuti ngakhale uchi wabwino si mankhwala a shuga, kuti thupi lawo silisiyanitsa. Anandiyankha kuti wovuta ndi wa m'sitolo, uwu ndi weniweni. Chikhulupiriro chawo chonse anachipachika pa mawu amodzi amenewo, weniweni.

Chomwe chinandinyansa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Iye anawajambula mayi ali pakhonde, atavala bulauzi yawo yoyera ya kumpingo, supuni ili kukamwa. Chithunzicho anachiika pafoni kuti aliyense aone, china anachitsukitsa n'kuchimata pakabenchi paja. Pansi pake analemba kuti ngakhale apongozi ake odwala shuga amadya tsiku lililonse. Mayi ndi munthu wodziwika kumpingo, amene satha kunama ngakhale za msinkhu wawo. Amayi anzawo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi anayamba kupanga mzere pakabenchi. Mayi anga, amene anandiphunzitsa kusadya poyenda, anasanduka chikwangwani cha pamsika.

Ine ndimagwira ntchito mu labu yoyeza zakudya. Amalonda amabweretsa uchi, shuga, madzi a zipatso, ife n'kuwauza zomwe zilimo, osati zomwe iwo analemba pabotolo. Pa makina onse a m'chipinda chathu, amene ndimawadziwa mpaka kupuma kwake ndi oyezera mmene zinthu zotsekemera zimakhotetsera kuwala. Timawatcha polarimita.

Kuwala sikungoyenda chowongoka basi. Kumayenda kukugwedezeka, monga chimachitira chingwe choyanikapo zovala ukachigwedeza mbali imodzi. Kuwala kwa babu kumagwedezekera mbali zonse, ndiye m'makinamo muli sefa yoyamba yomwe imangolola kogwedezekera mbali imodzi. Kukadutsa pamenepo kumalowa m'kagalasi koyera mbee, kakang'ono ngati sopo wotsala, komwe anakamatira ku kamwala konjenjemera kakalandira magetsi. Kamwalako kamafinya kagalasi n'kukasiya, kufinya n'kusiya, mofulumira moti khutu silimva kanthu, ngakhale chala sichimva ukachiika pabokosi lake. Ife timangoti kamodyuleta. Galasi likafinyidwa silidutsitsa kuwala mofanana. Mbali ina imatsogola, ina imatsalira, ndiye kuwalako kumatuluka kukupotokola, uku kenako uko, motsatira kufinya kuja. Kuchoka apo kumadutsa m'kapaipi momwe tathiramo uchi wosungunula m'madzi, n'kukafika pa sefa yachiwiri ndi pa diso la makina. Disolo silisamala za kuwala kwa pawindo kapena kwa foni ya munthu wodutsa. Limangotsata kuwala komwe kukuyenda ndi kufinya kwa kagalasi kaja. N'chifukwa chake uchi ukakhotetsa kuwalako, ngakhale pang'onong'ono, makinawo amadziwa. Uchi wa m'maluwa umakhotetsera kumanzere. Shuga wa m'paketi amakhotetsera kumanja.

Mayi ntchito yangayi sankaimvetsa. Kwa anzawo ankanena kuti ndimagwira kuchipatala cha zakudya. Tsiku lina, kale nkhani ya uchi isanayambe, ndinabwera ndi timasefa tiwiri takutha tomwe tinkafuna kutaya kuntchito. Ndinatenga magalasi awo owerengera, n'kuwaika pakati pa timasefato, n'kulozetsa kudzuwa. M'mbali monse momwe felemu imaluma galasi munatuluka mitundu, yofiira, yobiriwira, yachikasu, ngati mafuta a galimoto atatayikira m'chithaphwi. Mayi anachita kutalikitsa mkono kuti aone bwino.

"Iii! Mitundu imeneyi imakhala momwemu masiku onse?"

"Masiku onse, amayi. Ndi pomwe pafinyika."

"Nanga ine osaiona bwanji, chonsecho ndimavala pamaso?"

"Maso okha saona zimenezo."

Anawavalanso magalasiwo mosamala, ngati angawapweteke, ndipo tsiku limenelo anauza mayi wa nyumba yoyandikana nayo kuti mwana wawo amaona zinthu zobisika. Mayiyo anandiyang'ana moipa sabata yonse.

Chilonda chinayamba pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, atapunthwa pa mwala wa kubafa. Kanali kanthu kakang'ono. Mwezi unatha kasanapole. Kuchipatala anawayeza n'kupeza shuga atakwera kwambiri, ndipo namwino atafunsa chomwe akudya, mayi anati palibe chachilendo. Mkamwini atamva za chilondacho anabwera ndi botolo lina, n'kuwalangiza kuti azipakanso pachilondapo. Loweruka lina ndinawapeza atagona pamkeka masana, mzere wa nyerere ukuchokera kukhoma kupita kuphazi lawo. Ndinathyola tsache pomenya nyererezo, koma mumtima sindinkamenya nyerere.

Lolemba ndinanyamula theka la botolo kupita nalo kuntchito. Ndinapempha abwana anga, mayi wa ku Rumphi wosakonda zolankhulalankhula, kuti andilole kuliyeza. Anayang'ana njuchi yakufa ija n'kupukusa mutu.

"Kwathu njuchi timachotsamo, sitiikamo," anatero. "Yeza."

Ndinasungunula, ndinasefa, ndinadikira kuti zikhazikike, ndinathira m'kapaipi. Koyamba ndinalowetsa thovu la mpweya n'kuyambiranso. Makina atawerenga, kuwala kunakhotera kumanja. Ulipo uchi wina wa m'nkhalango umene umakhotera kumanja pang'ono, ndipo ndinadzikumbutsa zimenezo kuti chidani changa chisandinamize. Koma uwu sunali wa pang'ono. Ndinatuma mnzanga wa kuntchito kukagula botolo lina pakabenchi pomwepo, nalonso linatero. Anali shuga wa m'paketi, wopsereza kuti ade, ndi kauchi kongonunkhiritsa. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinaganiza kuti mawu aja akuti weniweni ndawathyola msana, ndipo mayi asiya.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Ndinaiwala kuti munthuyo ndi mlamu wanga.

Chilamu mukuchidziwa inu. Mlamu akhoza kukunena kuti miyendo yako ndi nsungwi, iwe n'kumubwezera kuti mutu wake ndi chipanda, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Wokwiya ndiye wopusa. Ndili mtsikana ndinkachikonda, ndipo pakamwa panga sipanali pochedwa. Iye ankanditchula mkazi wake wamng'ono, tayala la sipeya. Ine ndinkamutchula mbava ya ku Biwi, kapena tambala wopanda khola. Zaka zonsezo ndinali nditamunena kale kuti ndi wakuba, wabodza, wachinyengo, anthu akuwomba m'manja. Mawu onse amene ndinkawafuna tsopano ndinali nditawatha kale pa masewera.

Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi, pakhonde pa mayi panali podzaza. Panali atsibweni anga, omwenso ndi ankhoswe a ukwati wa achemwali. Panali amayi anayi kapena asanu a kumpingo odzazonda wodwala. Iye anakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, patali ndi apongozi ake, mwendo uli pamwamba pa unzake. Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kunena.

"Alamu, uchi wanu ndauyeza kuntchito. Si uchi. Ndi shuga wowiritsa."

Iye anadzimenya pantchafu.

"Mwamumva mkazi wangayu? Nsanje! Botolo ndapatsa amayi, iye sindinamupatse, ndiye wakandisumira kwa makina!"

Khonde lonse linagwa ndi phwete.

"Ndili siriyasi, alamu. Uchi weniweni umakhotetsa kuwala kumanzere. Wanu wakhotetsa kumanja."

"Kumanja? Ndiye bho! Si dzanja lodyera limenelo? Uchi wanga ukudziwa mwambo. Ukufuna udzipita kumanzere ngati ukuchokera kuchimbudzi?"

Atsibweni anatsamwa ndi tiyi. Mayi wina anachita kugwira mnzake paphewa kuti asagwe pabenchi. Ine ndinakweza mawu, ndinatchula chilonda, ndinatchula nyerere, ndinanena kuti akupha mayi anga masanasana. Ndikakweza mawu, iwo ankakwezanso chiseko. Iye anaimirira n'kuyamba kunditsanzira, dzanja lili m'chiuno, akuyenda monyada ngati wavala jasi loyera la kulabu. Misozi inanditsika, ya mkwiyo weniweni, ndipo mayi wina anandiloza n'kunena kuti taonani, mwini wakenso walephera kudzigwira ndi phwete.

"Chilamu cha awiriwa chokha, ndithu," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Wina atha kuganiza kuti akuyambanadi."

Mayi ameneyo anali wa shuga, ndipo m'chikwama mwake munali botolo lomwe anagula m'mawa womwewo.

Ndinalowa m'khitchini momwe achemwali ankatsuka makapu. Sanatembenuke.

"Iwe, nthabwala zina uziona pokambira," anatero. "Panjapo pali makasitomala."

"Si nthabwala, achemwali."

"Ndiye ukhale chete."

Anali atapinda manja a bulauzi, ndipo m'pamene ndinaona zipsera. Zinali m'mikono monse, timadontho takuda tozungulira, tina takale tina tatsopano. Phala silitentha munthu chotero. Chimene chimadumpha mumphika n'kumamatira pakhungu mpaka kulisenda ndi shuga wowira. Ndiye kuti wotakasa mphika kuseri kwa nyumba ku Biwi anali mwana wa mayi anga yemwe. Ndinawayang'ana mikono, iwo anaona kuti ndaona, n'kutsitsa manja a bulauzi ali onyowa choncho.

Ndinayesa njira zonse zomwe ndinkazidziwa. Ndinakhuthulira mabotolo m'ngalande, iye n'kubweretsa ena akuseka kuti mkazi wake wamng'ono akumwa yekha mobisa. Ndinapita kwa atsibweni monga ankhoswe, ndinakhala pansi bwinobwino n'kufotokoza. Anandimvetsera akumwetulira, kenako anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo za chilamu anthu sazengera mlandu. Anati ndikapeze mwamuna wangawanga, mwina ndisiya kuvutitsa wa eni. Ndinatuluka m'nyumba mwawo osatsazika.

Otsala anali mayi eni ake. Ndinawafunsa tsiku lina ndikuwatsuka chilonda kuseri kwa nyumba, phazi lili m'beseni. Chala chinali chitayamba kuda, ndipo fungo lake silinkatha ndi sopo.

"Amayi, kodi tsiku lija simunandimve?"

"Ndinakumva."

"Ndiye?"

"Unandiona ndikuseka ine?"

Ndinaganiza. Zoonadi, pa anthu onse a pakhonde paja, mayi okha ndi amene sanaseke. Ankangoyang'ana m'kapu mwawo.

"Iwe sunama, ndikudziwa," anatero. "Ndiwe wamwano, koma sunama. Koma tamva. Ine ndikasiya lero, mawa Kawale yense adziwa chifukwa chake. Kabenchi kaja kagwa. Kakagwa, mkulu wako ndi ana aja alowera kuti? Bambo uja sukumudziwa akapsa mtima. Iwe umangomudziwa akuseka."

"Ndiye mudziphe chifukwa cha kabenchi?"

"Ndachepetsa. Ndimangodya akakhalapo iwo, kapena pakakhala alendo."

Koma alendo kwa mayi sankatha. Wodwala wa kumpingo sakhala yekha, ndipo aliyense wobwera ankafuna kuona ndi maso ake supuni ija ya pachithunzi. Ndinawakwiyira mayi tsiku limenelo kuposa mmene ndinamukwiyira iye. Iye ndi fisi, ndipo fisi sumudabwa. Koma mayi anali atakhala pansi, n'kuyeza, n'kuona kuti phazi lawo n'lopepuka kuposa ukwati wa mwana wawo wamkulu. Ine wamng'ono, amene ndinkatsuka phazilo, sanandifunse. Ndinamanga bandeji molimba kuposa mmene zimafunikira, iwo sanadandaule.

Madokotala anayamba ndi kudula chala. Patapita masabata angapo anadula phazi lonse, pamwamba pa kakolo. Sindikunena kuti uchi wabodza wokha ndi umene unadya phazilo. Matenda analipo kale, ndipo madokotala sanaloze chinthu chimodzi. Koma ine ndikudziwa chomwe chinkalowa m'kapu ya mayi m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikudziwa yemwe ankachibweretsa atagwada.

Ndinatenga tchuti n'kukakhala nawo kuchipatala. Ndinkagona pansi pa bedi lawo, pa chitenje, pamodzi ndi anzanga odikirira odwala. Mayi sankalankhula zambiri. Nthawi zina ankatambasula dzanja kuti akande phazi lomwe kulibe, n'kukanda bulangete.

Lamlungu, nthawi yoona odwala masana, anabwera onse pamodzi: atsibweni, amayi a kumpingo aja, achemwali, ndi iye kumbuyo, atavala jekete. M'manja ananyamula botolo lalikulu kuposa onse omwe ndinawaonapo, lokhala ndi njuchi ziwiri. Anagwada kumapazi kwa bedi, nkhope kumbali.

"Amayi, pepani ndi zowawa. Ndabwera ndi kamphamvu pang'ono, kuti chilonda chipole msanga."

Mayi wa bedi loyandikana nalo ananong'oneza mwana wake kuti akamwini otere masiku ano ndi osowa. Kenako iye anadzuka, n'kutembenukira kwa ine, akumwetulira kale.

"Mkazi wanga, landira. Koma usamwe wekha usiku, ndakudziwa."

Amayi aja anali atayamba kale kukonza pakamwa kuti aseke. Ndinaona milomo yawo. Ankadikira kuti ndimutukwane, kuti wodi yonse ipepukidwe. Ndipo mawu otukwana ndinali nawo, odzaza pakhosi. Koma ndinali nditatukwana pakhonde, ndinali nditalira, ndipo zonsezo anazidya ngati ndiwo. Sindinakonzekere zomwe ndinachita. Ndinangoona kuti malinga ndikadali mlamu wake, palibe mawu anga omwe angafike pansi.

Ndinamasula chitenje n'kuchimanganso bwinobwino. Ndinagwada pa simenti patsogolo pake, mawondo onse awiri, ndinaweramitsa mutu, n'kuwomba m'manja mofatsa monga tichitira kwa munthu wamkulu wachilendo pamaliro.

"Zikomo, abambo. Muli bwanji, abambo?"

Anaseka yekha. "Aaa, mlamu, wayambanso sewero lanji?"

"Pepani abambo, ine mlamu ndilibe. Ndine mwana wa amayi agona apawa. Ndimati ndipemphe, mwaulemu, kuti botolo lanuli mubwerere nalo. M'menemo muli shuga wowiritsa. Ndinayeza ndekha, kawiri. Amayi anga sadyanso."

Sindinakweze mawu. Sindinadzutse mutu. Ndinangokhala chogwada, manja ali pamodzi, ndikuyang'ana nsapato zake zopukuta bwino. Anayesa kunena kanthu za nsanje, koma mawuwo anatuluka okha, opanda wowalandira. Munthu sachita chilamu ndi mkazi amene wamugwadira n'kumutchula abambo. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo, ngakhale odwala a mabedi ena amene sankatidziwa.

Woyamba kulankhula anali mayi uja wa shuga, amene anapukuta misozi ndi chitenje pakhonde.

"Mwana iwe, ukunena zoona?"

"Zoona, amayi."

"Ndi tsiku lija unkanena zoona?"

"Ndi tsiku lija, amayi."

Anayang'ana botolo. Kenako anayang'ana bulangete, pomwe linatsetsereka n'kugona pa matiresi pamalo pomwe pakanakhala phazi. Anakhala pansi pa bedi la munthu wina osapempha. Mawu anga anali omwe aja a pakhonde, osawonjezera ngakhale limodzi. Chosiyana chinali mawondo basi.

Atsibweni anatsokomola n'kuyamba kuti nkhani zotere zili ndi malo ake, koma palibe anawamvera. Iye anayang'ana uku ndi uku, kufuna nkhope imodzi yomwetulira. Ataisowa anakumbatira botolo lake n'kutuluka, nsapato zikulira m'khonde la chipatala. Achemwali anaima pang'ono, mikono ataibisa m'chitenje, kenako anamutsatira. Ndinadzuka, mawondo atachita dzanzi. Mayi anali atatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanadye chilichonse chochokera m'manja mwanga.

Zomwe mayi ananena zinachitika ndendende. Amayi a kumpingo safuna wailesi. Mwezi usanathe kabenchi kanali katachoka, pamalo pake pali wogulitsa makala. Chithunzi cha mayi ndinachipeza m'ngalande ya pamsika, n'kuching'amba ndekha. Kenako tsiku lina masana achemwali anatsika pa kabaza ku Kawale ndi mapasa ndi zikwama ziwiri, mlomo uli wotupa. Iye akuti anapita ku Joni, ena akuti ali ku Mchinji ndi mkazi wina, akugulitsa mafuta odzola ochiritsa nyamakazi. Kulikonse komwe ali, ndikupempha kuti nyerere zimupeze.

Atsibweni mpaka lero amati ndinapasula banja la mkulu wanga ndi makina a azungu. Makinawo sanapasule kanthu. Anangonena kumanja, ndipo palibe anawamvera. Ndimawayatsabe m'mawa uliwonse, kagalasi kaja n'kuyamba kufinyidwa m'bokosi mwake mwakachetechete, ine n'kumathira uchi wa anthu ena m'kapaipi. Sindinong'oneza bondo. Atati abwerenso ndi botolo, ndingagwadenso.

Mayi shuga wawo anatsika. Amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo nsapato yakumanzere akukana kuti tiitaye, ili pansi pa bedi. Sanandithokozepo ndipo sanandidzudzulepo. Achemwali amagona m'chipinda chomwe chinali changa, amaphika, amachapa, amagulitsa mandasi pageti. Zipsera za m'mikono zayamba kuzilala.

Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kuchokera ku Area 25 komwe ndimakhala, nditanyamula mankhwala a mayi. Ndikangotsegula geti, achemwali amasiya chomwe akuchita. Awa ndi anthu amene anandibereka kumsana ndili khanda, amene ankandikonkha madzi ozizira ndikakana kudzuka, amene ankanditchula kuti kamphuno. Amamanga chitenje bwinobwino, amagwada pakhomo mawondo onse awiri, amaweramitsa mutu n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Takulandirani, amayi. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu amayi."

"Tili bwino, zikomo."

Amadzuka n'kukanditengera tiyi pa thireyi, m'kapu ya alendo. Mayi amakhala pampando pakati pathu, magalasi ali pamphuno, akumwa wawo wopanda kanthu.